Chigafa chimene chinasiya kuyanika fodya

Foni inalira ndili m'kalasi, ana a Sitandade 7 akulemba masamu. Anali mlongo wanga wakumudzi, ndipo ngakhale moni sanandipatse.

"Alongo, bwerani msanga. Mwana wanu uja tamumanga."

Ndimaphunzitsa pasukulu ina ya pulayimale kufupi ndi boma la Kasungu, koma kwathu ndi chakumadzulo, njira ya ku Lifupa. Ndinasiyira mnzanga kalasi n'kukwera njinga yamoto ya kabaza. Nditafika ndinapeza khamu pansi pa mtengo wa mango wa pakhomo. Mnyamatayo, mwana woyamba wa mlongo wangayo, anali atamangidwa kumtengowo ndi chingwe cha ng'ombe, milomo itauma, maso ali psuu. Anali atatha masiku angapo osagona, akuti akumva anthu akumuitana padenga, ndipo m'mawa umenewo anathamangitsa mayi ake ndi mpini wa khasu. Anali ndi zaka 17, sukulu atasiyira Fomu 2.

Aliyense anali ndi nzeru yake. Ena ankati amulodza chifukwa anali wanzeru m'kalasi. Ena ankati tipite naye kuphiri akamupempherere. Mkulu wina anangoti, "Ichi n'chamba. Ku Zomba basi." Kenaka onse anakhala chete n'kuyang'ana ine, poti kwathu kuno mwana akafika potere, mwini mbumba ndi malume.

Amene anatiunikira njira ndi mayi wina wogulitsa tomato, yemwe anandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti, "Aphunzitsi, musanaganize za Zomba, kayeseni kuchigafa kwa anesi." Mbiri ya chigafa chimenecho ndi imene ndikufuna kulemba pano, chifukwa palibe anailembapo, ndipo amene anachitsegula akukalamba.

## Ku Zomba basi

Mawu a mkulu uja sanagwe kumwamba. Atsamunda anayamba kusunga odwala misala mu 1910, m'chigawo china cha ndende ya Zomba, owayang'anira ali asilikali a ndende. Chipatala cha Zomba Mental chinatsegulidwa mu 1953, ndipo lamulo la 1948 lokhudza odwala otere linagwira ntchito zaka zoposa 70. Agogo athu akamva dzina la Zomba amaganiza zokatsekera munthu, ndipo maganizo amenewo anatisiyira.

A bungwe la Akatolika la St John of God anafika ku Mzuzu m'zaka za m'ma 1990, ndipo ndi amene anatsegula maso ambirife kuti uchidakwa ndi matenda, oti munthu atha kugonekedwa nawo n'kuthandizidwa ndi mankhwala komanso uphungu. Pambuyo pake anatsegulanso ku Area 43 ku Lilongwe. M'zipatala za m'maboma mulinso anamwino a matenda a maganizo. Ntchito imene onsewa amagwira ndi yaikulu ndipo ine ndimaivulira chipewa.

Koma taonani pamene Kasungu ali. Ku Zomba ndi makilomita opitirira 400, ku Mzuzu opitirira 200, ku Lilongwe pafupifupi 130. Kwa mayi amene ndalama amaiona kamodzi pachaka, fodya kapena soya akagulitsidwa, ulendo umenewu ndi thiransipoti ya anthu atatu, poti wodwala wotere sayenda ndi munthu mmodzi. Ndipo ngakhale apite, achire, anenepe, tsiku lotuluka limafika. Amatsika basi pa depoti ya Kasungu n'kubwerera pakhonde lomwe lija, kwa anzake omwe aja.

## Anesi ndi chigafa chotsala

Anesi, tonse timangowatchula choncho, anagwira ntchito ya unamwino wa matenda a maganizo kummwera zaka zambiri, atapuma n'kubwerera kwawo kuno. Amuna awo anali ndi kaesiteti ka fodya wa bale ka matenanti mabanja ochepa, monga zinalili ndi anthu ambiri apantchito a kuno. Mitengo itayamba kuvuta ku okushoni, bambowo n'kumwalira, matenanti anabalalika ndipo zigafa zinagwa chimodzichimodzi. Chinatsala chimodzi, cha mizati ya muwanga imene chiswe chinailephera.

Inali nthawi ya masacheti. Amene munali ku Kasungu masiku amenewo mukukumbukira timapepala tija tili mbwee pamsika, m'ngalande, ngakhale kuseri kwa zimbudzi za sukulu. Ine ndinkatipeza m'zikwama za ana a Sitandade 6. Mowa waukali, wotsika mtengo koti mwana ankaugula ndi ndalama ya pabuleki, wobisika bwinobwino m'thumba la yunifolomu.

Woyamba kugona m'chigafamo anali mwana wa tenanti wawo wakale. Anesi anamupeza atagona m'mbali mwa msewu m'mawa wa m'mwezi wa June, thupi lili ziii ndi chisanu. Anapita naye kuchipatala, koma atatuluka analibe kolowera chifukwa makolo ake anali atasamukira ku esiteti ina yosadziwika. Anesi anatchinga mbali imodzi ya chigafa ndi tsekera, n'kuyalamo mphasa. Masana mnyamatayo ankathirira kudimba, madzulo ankakhala nawo pansi n'kumacheza. Patapita miyezi kunabwera mayi wina ndi mwana wake. Kenaka wina.

Panalibe chikwangwani, panalibe bungwe, panalibe mzungu wobwera ndi galimoto. Ukawauza kuti ndiwo anayambitsa malowa amakana. "Ine ndinangotsegula chitseko kamodzi," amatero, "ndiye chinakana kutsekeka."

Mudzi sunakondwere. Nkhuku ikasowa, mlandu unkagwera ana a kuchigafa. Nkhani inafika mpaka pabwalo la agulupu, anthu akuti anesi akuweta mbava. Agulupu anapita okha kukaona, anapeza anyamata akuumba njerwa, ndipo chigamulo chawo chinali chakuti malowo akhale, koma nduna yawo izipitako kukayendera. Kuyambira pamenepo amayi a Mvano ndi a m'miphakati ya Akatolika anayamba kusinthana kubweretsa ufa ndi nyemba.

## Tsiku la ngolo

Ife tinafika pangolo m'mamawa, mnyamatayo akadali womangidwa manja, asuweni ake awiri atamukhalira m'mbali. Anatuluka mayi wamfupi, wa imvi, magalasi atawamangirira ndi kachingwe. Sanayambe n'kupereka moni kwa ine. Analunjika pangolo.

"Mwanangu, manjawa akupweteka?" Atatero anatembenukira kwa ine. "Amalume, mmasuleni."

Ndinati atha kuthawa.

"Akathawa tikamutsata. Koma chingwe sichilowa muno."

Anamugwira dzanja, kumuyang'ana m'maso, n'kufunsa chimene anamwa komaliza ndi tsiku lake. Kenaka anatiuza zimene sitinkayembekezera, kuti mwanayu sanafike pogona kuchigafa, ayambe wapita kuchipatala tsiku lomwelo. Anafotokoza kuti munthu amene wakhala akumwa kachasu tsiku ndi tsiku akasiya mwadzidzidzi, pofika tsiku lachiwiri kapena lachitatu amanjenjemera, thukuta kamukamu, amaona ndi kumva zinthu zimene palibe, ena amagwa n'kumaphupha, ndipo munthu atha kufa. Zimenezi zimafuna mankhwala ndi diso la adokotala. Izi ndikuzilemba mwadala, chifukwa mabanja ambiri amatsekera mwana m'nyumba poganiza kuti akumuthandiza.

Analemba kakalata, tinapita. Anagonekedwa masiku angapo, mawu a padenga aja anasiya, ndipo tinabwerera naye kuchigafa akuyenda yekha.

Tsiku lobwererali ndi limene silichoka m'mutu mwanga. Anesi anayala mphasa pakati pa chigafa, pamwamba pathu mikangala yakale ikadali m'malo mwake. Tinakhala anayi: iwo, ine, mlongo wanga ndi mwana wake. Anamuuza mnyamatayo kuti afotokoze pamene zinayambira, ndipo anatichenjeza ife akuluakulu kuti tisamudule mawu.

Anayankhula atazolika, akutokosa mphasa ndi chala.

"Ndinali Sitandade 5. Amayi akatopa usiku ndine ndinkasonkhezera moto wa mphika ndi kusintha madzi ozizitsira paipi. Masana akapita kumunda ndine ndinkagulitsa. Ndiye makasitomala aja, mukudziwa, salandira botolo wogulitsa asanalawe. Amati chotsa kaye poizoni. Aliyense wobwera, ine kulawa. Poyamba ndinkalavula kuseri. Kenaka ndinasiya kulavula."

Chamba anati chinabwera pambuyo, kuganyu wosoka fodya usiku, anyamata akuluakulu akumuuza kuti chimachotsa tulo ndi kutopa.

Mlongo wangayu mwamuna wake anapita ku Joni ana ali aang'ono, anatumiza ndalama chaka choyamba, kenaka zii. Kutcheza kachasu ndi kumene kunalera ana anayi. Anakhala akumvetsera, chitenje atatseka nacho pakamwa.

Anesi anayankhula mofatsa. "Mayi, mwanayu atha kukhala kuno miyezi itatu, ndipo achira. Koma akakapeza mphika uli pamoto, mudzabwera nayenso pangolo."

Ndinkaganiza kuti mlongo wanga alira kapena apepesa. Anachotsa chitenje pakamwa n'kuwayang'ana anesi m'maso.

"Anesi, ndamva, ndipo mtima wanga wasweka. Koma mundiuze inuyo. Mphikawo ndikauphula, ang'ono ake atatu adya chiyani? Fizi imene iyeyu analowera Fomu 1 inachokera mumphika womwewo. Feteleza wa chimanga chimene tikudya anachokera momwemo. Mundipatse china chogwira, mphikawo ndikauswa lero lomwe."

M'chigafa munati zii. Ine ndinachita manyazi, ndinkaona ngati wawayankha mwamwano. Koma anesi anavula magalasi awo, kuwapukuta nthawi yaitali, n'kunena kuti, "Zaka zonse ndakhala m'mawodi ndinkaona odwala, makomo awo sindinkawaona. Funso lanuli yankho lake ndilibe lero. Mubwere Loweruka. Mubwere ndi amayi anzanu otcheza."

## Loweruka la amayi

Funso la mlongo wanga ndi limene linagawa mbiri ya chigafa pawiri. Lisanafunsidwe, malowa ankachiza anyamata n'kuwabweza kwawo, ndipo ambiri ankabwereranso. Litafunsidwa, anesi anayamba kuchiza khomo lonse.

Loweruka loyamba kunabwera amayi ochepa, mwamantha, ena akuganiza kuti ndi msampha wa apolisi. Anesi sanawalalikire. Anawafunsa mtengo wa shuga ndi madeya, masiku amene zimatenga kuti ziwire, ndi phindu limene limatsala pa diramu imodzi. Anawerengera limodzi pansi ndi kamtengo. Pamenepo m'pamene panabadwira banki mkhonde ya kuchigafa, yoti mayi wofuna kusiya kutcheza azikongola mpamba wa geni ina. Ena anayamba mandasi, ena kupikula usipa wa ku Nkhotakota, ena anagula mbewu ya soya ndi mtedza, ena mbuzi.

Ndisaname, palibe geni mwa zimenezi imene imabweza ndalama msanga ngati kachasu. Soya umamudikira miyezi, kachasu sabata imodzi ndalama ili m'manja. Choncho si onse anasiya. Amene anakana kusiya anagwirizana malamulo atatu: mwana asasonkhezere moto, mwana asagulitse kapena kulawa, ndipo wovala yunifolomu kapena wooneka wamng'ono asagulitsidwe. Agulupu anaikapo chindapusa cha mbuzi.

Akuluakulu ena a mpingo anakwiya nazo. Ankati anesi akugwirana chanza ndi tchimo, kachasu ndi woletsa basi. Ine ndine mkulu wa mpingo ndipo mowa sindiukonda, koma pankhaniyi ndinaima ndi anesi ndipo ndikadali pomwepo. Takhala tikudzudzula kachasu paguwa kuyambira nthawi ya azigogo athu, miphika siinazime. Malamulo atatu aja anachotsa ana pamoto chaka chomwecho. Mlongo wanga anayamba wasamutsira mphika wake kwa mnzake wa mudzi wina kuti mwana akabwera asaupeze, ndipo zinamutengera nyengo ziwiri zokolola kuti asiyiretu.

Kuchokera nthawi imeneyo lamulo la kuchigafa ndi lakuti mwana salandiridwa yekha. Pakhale wachibale, mayi, malume kaya agogo, wolonjeza kubwera Loweruka lililonse. Wolemera amene amafuna kungosiya mwana ndi ndalama n'kumapita amabwezedwa.

## Mmene tsiku limayendera

Amadzuka kusanache, kudimba, phala, kenaka ntchito zamanja: ukalipentala pang'ono, kuumba njerwa, kukonza njinga. Foni ndi ndalama zimasungidwa kwa anesi. Masana kuli bawo ndi mpira. Chachikulu ndi bwalo la madzulo, pamene amakhala mozungulira aliyense n'kunena mmene chibaba chamuvutira tsikulo ndi chimene chinachiutsa, kaya ndi mkwiyo, kaya fungo la utsi, kaya kukumbuka kwawo. Wonama anzake amamugwira msanga kuposa mmene mkulu aliyense angachitire, poti mabodza onsewo anawanamapo okha.

Wa chamba amauzidwiratu kuti sabata yoyamba ndi yachiwiri tulo tivuta, nsima siikoma, mtima uzingopsa ndi zazing'ono, maloto azibwera oopsa. Anesi amati mwana akadziwiratu zimenezi sathawa usiku poganiza kuti amulodza. Amene mutu wasokonekera kwenikweni amapitiriza kulandira mankhwala kuchipatala, ndipo anesi amaonetsetsa kuti akumwa.

Mwezi womaliza amayamba kupita kwawo tsiku limodzi, kenaka awiri, n'kubwera kudzafotokoza pabwalo zimene wakumana nazo. Anesi, poti ndi mkazi wa mlimi wa fodya, amati mbande sumaizula panazale n'kukaiwokera kumunda tsiku lomwelo ikadali yanthete. Umayamba waichepetsera madzi kuti ikhwime, izolowere dzuwa.

## Masacheti anapita, ludzu linatsala

Boma linaletsa masacheti mu 2015, ndipo mu 2017 linakhazikitsa ndondomeko ya dziko yokhudza mowa. Tinasangalala, ndipo timapepala tija tinachepadi m'misewu. Koma mowa womwewo unabwerera m'timabotolo ta pulasitiki timene timati midoli, ndi m'zigubu za malita asanu zimene wogulitsa amapungulira munthu molingana ndi ndalama imene ali nayo. Chamba nacho sichinasowepo kuno, msewu wa ku Nkhotakota uli pakhomo pomwepa.

Chaka chovuta kwambiri chinali 2020. Mu February aphungu anavomereza lamulo lolola kulima chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale kwa amene ali ndi chiphaso. Kusuta kunakhalabe mlandu, koma kumudzi uthenga unafika wodukaduka, anyamata n'kumati boma laloleza. Mwezi wotsatira sukulu zinatsekedwa chifukwa cha Covid-19, ana n'kukhala pakhomo miyezi yambiri opanda chochita. Chigafa chinadzaza mpaka ena ankagona m'khitchini mwa anesi, ndipo kwa nthawi yoyamba anayamba kubweza anthu.

M'chaka chomwecho tinataya mnyamata wina amene anatuluka ali bwinobwino. Atafika kwawo anayambiranso, anachita manyazi kubwerera kuchigafa, ndipo anadzipha. Anesi anadwala nayo nkhaniyi. Titachoka kumaliro anaitanitsa anyamata onse akale amene anali ataima bwino, n'kuwagawira midzi. Kuyambira pamenepo aliyense wotuluka amakhala ndi mkulu wake womuyendera panjinga kwa chaka chathunthu, ndipo mawu amene amauzidwa potsanzikana ndi akuti ukagwa ubwere, palibe adzakufunse chifukwa chake pachipata.

Mawu amenewa anagwira ntchito pa mwana wa mlongo wanga. Anakhala bwino chaka ndi miyezi, kenaka nyengo ina yogulitsa fodya, ndalama zili mbwee pa tiredingi senta, anzake anamugulira. Anamwa sabata yathunthu. Tsiku lina m'mawa anesi anangomupeza atakhala pakhonde pawo. Anakhalanso mwezi. Lero amakonza njinga zamoto, ali ndi mkazi ndi mwana, ndipo ali ndi anyamata awiri amene amawayendera. Iye sanena kuti anachira. Amati lero sindinamwe.

## Zimene zikutisowetsa tulo

Choyamba ndi chakudya. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, amayi amene ankabweretsa ufa anayamba kubwera ndi theka. Chiwerengero cha ana ogona chinachepetsedwa. Dimba ndi limene likugwira malowa, koma chitsime chake chimaphwa mu October.

Chachiwiri ndi atsikana. Timayankhula ngati vutoli ndi la anyamata okha, koma pitani m'malo omwera a m'tauni ya Kasungu nthawi ya fodya mukaone misinkhu ya ana aakazi amene ali mmenemo. Mtsikana amabisidwa kwambiri ndi abale ake poopa kuti sadzakwatiwa, ndiye amafika pothandizidwa zinthu zitaipiratu, nthawi zina ali ndi pakati. Chaka chatha agogo ena anabwera ndi mdzukulu wawo wamkazi, anesi n'kulephera kumulandira chifukwa sangagone chigafa chimodzi ndi anyamata. Anamulembera kalata ya ku Lilongwe, koma agogowo ndalama yoyendera analibe. Agulupu apereka malo kuseri kwa dimba, anyamata aumba njerwa, ndipo amayi awiri a banki mkhonde adzipereka kuti azidzagona ndi atsikanawo. Chatsala ndi malata ndi simenti.

Chachitatu ndi chimene chagawa komiti yathu, imene ine ndine mlembi wake. Anesi maso ayamba kuvuta ndipo miyendo imatupa. Nzeru yodziwa kuti uyu apite kuchipatala lero, uyu atha kudikira, ili m'mutu mwawo mokha. Anyamata akale amadziwa kutsogolera bwalo ndi kuyendera anzawo, koma sangaone zizindikiro za munthu amene ali pafupi kugwa n'kuphupha. Ena m'komiti akuti tilembetse malowa kuboma kuti azidziwika, aziyenderedwa ndi azaumoyo, mwinanso tipeze thandizo. Ena akuopa kuti oyendera akadzaona denga laudzu ndi mphasa adzangotseka, kapena kudzabwera anthu a maalawansi n'kulanda chinthu chimene amayi otcheza kachasu ndi ana awo anamanga ndi manja awo.

Mantha amenewa ndimawamvetsa, ndaonapo zinthu zabwino za m'mudzi zikufa ndalama zitangolowa. Koma ndimaopa kwambiri tsiku limene ngolo idzafike pachipata anesi kulibe, wina wa mtima wabwino n'kumulandira mwana woyenera kuthamangira naye kuchipatala. Malo osunga ana a eni ake ayenera kukhala ndi wowayang'anira wochokera kunja, ngakhale amene akuwayendetsa ali abwino chotani. Anesi eni ake akugwirizana nazo, ndipo akuti pepala lolembetsera lidzanene poyera kuti lamulo la Loweruka ndi la chingwe sizidzasinthidwa ndi wina aliyense.

Komiti ikumananso msika wa fodya wa ku Chinkhoma ukatsekedwa, poti ndi nthawi imene anthu amakhala ndi kandalama kosonkha ka malata. Ine ndikaimira zolembetsa. Kalata yopempha ofesi ya zaumoyo kuti izititumizira namwino wa matenda a maganizo kawiri pamwezi ndalemba kale, ikungodikira chidindo cha agulupu.